Kukonza Chipinda Chogona m'Nyumba Yakale

Amayi anzanga, sabata ino tikambirane za chipinda chimene alendo sachiona. Ambiri a ife timasamala pabalaza: timasesapo, timayala nsalu yoluka patebulo ndi kukoleka kalendala pakhoma, pakuti ndi pamene amafikira apongozi ndi alendo ena. Koma kuchipinda kumene timagona ndi abambo pamodzi ndi mwana wa kubere, chitseko chimakhala chotseka. Mwambo wathu sulola ana akuluakulu kulowako, ndipo mlendo sangayerekeze n'kusuzumirako komwe. Motero mng'alu ukayamba pakhoma la kumeneko, wouona ndinu nokha, ndipo mukaulekerera palibe wina amene adzaukonze.

Nkhaniyi si yongokongoletsa chabe ayi. Ife a ku Machinga ndi Balaka tikukumbukira madzi osefukira a mu Malichi 2019, namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndiponso wa Freddy mu Malichi 2023. Si nyumba zonse zimene zinagwa chifukwa chokokoloka ndi mtsinje. Zina zinangonyowa m'munsi kwa masiku angapo mpaka khoma kufooka n'kugwa. Khoma likagwa usiku limapeza anthu ali m'tulo. Tsono pokonza chipinda chogona m'nyumba yakale, ntchito iyambire kudenga, itsikire pakhoma, ifike pansi, ndipo zokongoletsa zibwere pomaliza. Nyengo yake ndi kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamene kumunda kulibe ntchito yambiri ndipo dothi limauma msanga.

Tsiku loyamba tulutsani katundu yense. Matiresi, mikeka ndi zofunda ziyanikidwe padzuwa, ndipo m'malo olumikizira matabwa a bedi muthiremo madzi owira kuti nsikidzi ndi mazira ake zife. Kenaka tsekani chitseko ndi zenera masana dzuwa lili pamutu, muyang'ane kumwamba. Paliponse pamene pakulowa kuwala ndi pamene padzalowe mvula. Gogodani mitengo ya denga ndi ndodo. Ikamveka ngati ng'oma, dziwani kuti chiswe chadya m'kati ndipo mtengowo usinthidwe. Timabowo ta malata timatsekeka ndi phula, ndipo misomali yogwedera ichotsedwe n'kukhomapo ina. Ngati denga ndi la udzu, yalani pepala la pulasitiki latsopano musanafolere. Ntchito yokwera pamwambayi pemphani abambo kapena alongo anu. Inu a m'tauni samalani: nyumba zina zakale zili ndi denga la asibesitosi, ndipo fumbi lake limawononga mapapo. Denga lotere musaliboole, musalicheke kapena kulipala.

Khoma muyambe kuliyendera kunja. Ngati madzi ogwa padenga akumba m'munsi mwa khoma, kwirirani ndi dothi n'kulitsendera bwino kuti likhale lotsetsereka kuchokera kukhoma, ndipo mukumbe kangalande kotaya madziwo kutali. Khoma lonyowa kumaziko ngakhale mutalimata kakhumi m'kati, lidzayoyokabe.

Ming'alu ili mitundu iwiri. Ina ndi yapamwamba chabe, yopyapyala ngati ulusi, ndipo imeneyi mungaimate nokha. Koma mng'alu wolowa chala, wochokera kudenga mpaka pansi, kapena wolekanitsa makoma awiri pakona, ndi woopsa. Pofuna kudziwa ngati ukukula, matani kadothi kopingasa pamng'alupo, mudikire masabata awiri. Kadothiko kakang'ambika, ndiye kuti khoma likuyenda. Pamenepo, ndiponso pamene khoma lapendekeka, itanani mmisiri womanga, ndipo banja ligone m'chipinda china kufikira atakonza. Kubisa mng'alu wotere ndi laimu n'kudzinamiza, paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pomata, yambani mwagumula zonse zofumbwa ndi tinjira ta chiswe, musese fumbi, muwaze madzi pakhoma kuti chomatacho chigwire. Khoma la zidina limatidwe ndi dothi losakaniza ndi mchenga, pakuti simenti sigwirana bwino ndi zidina, imadzamatuka ngati chikhungwa. Pa njerwa zootcha sakanizani muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso 6 ya mchenga wa kumtsinje wosefa bwino.

Musatsike pakhoma musanatseke mpata umene umakhala pakati pa khoma ndi denga. Udzudzu wofalitsa malungo umakonda kulowera pamenepo usiku, ndipo kuno kwathu, m'mbali mwa Shire ndi kufupi ndi nyanja za Chilwa ndi Chiuta, udzudzu sitichita kuufunafuna. Tsekani mpatawo ndi zidutswa za njerwa ndi dothi. Koma mukatero, zenera likhale lotseguka, chifukwa kutentha kwa ku Liwonde ndi ku Utale mu Okutobala sikulola munthu kugona m'chipinda chopanda mpweya. Amayi ambiri anatseka zenera la kuchipinda ndi njerwa kapena chiguduli poopa akuba ndi maso a anthu. Litseguleni, mukhomepo waya wa sefa, ndipo ngati mungathe muikepo zitsulo. Chipinda cholowa dzuwa ndi mphepo sichinunkha chinyezi, ndipo zovala sizichita nkhungu.

Tsopano tafika pansi. Kuzira tonse tinaphunzira kwa amayi athu, koma kumbukirani kuyamba mwakwirira maenje a makoswe ndi kutsendera, kenaka muzire ndi mtsiro n'kusalaza ndi nkhulungo. Amene muli ndi simenti yakale yokumbika, gobani malo owonongekawo mpaka pofika polimba, munyowetse, muthirepo muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso 3 ya mchenga. Simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa, choncho muziwazapo madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Musayese kuumitsa chipinda ndi mbaula ya makala n'kugonamo chitseko chili chotseka, pakuti mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo.

Zonsezi zikauma, ndiye nthawi ya laimu. Ife tili ndi mwayi chifukwa miyala yake ili pakhomo pathu pompano, kumapiri a Chenkumbi ku Balaka, kumene anthu akhala akuwotcha laimu kwa zaka zambiri. Laimu ndi wotsika mtengo kuposa penti, ndiponso amalola khoma kutulutsa chinyezi, pamene penti wa mafuta amachitsekera m'kati n'kuyamba kutupa ndi kusupuka. Viikani laimu m'ndowa usiku wonse, m'mawa musefe ndi chiguduli, muwonjeze madzi mpaka afanane ndi mkaka, ndipo muthiremo mchere wodzaza dzanja limodzi. Pakani mopyapyala kawiri kapena katatu, kudikira kuti woyamba aume. Musadandaule akamaoneka wotuwa ali wonyowa, amayera akauma. Laimu amawotcha khungu ndi maso, choncho valani mapepala a pulasitiki m'manja, ana akhale kutali, ndipo akakugwerani m'diso sambani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo n'kupita kuchipatala. Ngati pakhoma pali penti wakale wofunika kupala, munyowetseni kaye, chifukwa penti wina wakale ali ndi mtovu umene umawononga ubongo wa ana. Mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi.

Ngati kwanu kukubwera opopera mankhwala a udzudzu m'makoma, monga anachitira ku Balaka ndi ku Mangochi m'zaka zapitazo, funsani alangizi a zaumoyo tsiku lake kuti mumalize kumata ndi kupaka iwo asanafike. Mukapaka pambuyo pawo mwakwirira mankhwalawo.

Pobwezera katundu, bedi lisagunde khoma, ndipo khomani misomali inayi yolimba yomangirira neti kuti izifika pansi pa matiresi mbali zonse. Matumba a feteleza ndi mankhwala a thonje apezeredwe malo ena, asagone ndi anthu. Chimanga chothira mankhwala nachonso chisakhale kumutu kwa mwana. Zikatha izi ndiye mungasoke katani ya chitenje ndi kuyala nsalu yanu yamaluwa.

Mwina mukuti ndalama zake zichokera kuti. Dothi, mchenga ndi madzi sitigula. Zogula ndi laimu, misomali, phula, waya wa sefa ndipo mwina thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50. Khalani pansi ndi abambo muwerengere pamodzi, ndipo amene muli m'banki mkhonde mungapatule kangachepe pa tsiku logawana. Amene mukukhala m'nyumba ya lendi gwirizanani kaye ndi eni nyumba za amene alipire. Ndiponso mutu umodzi susenza denga: m'magulu athu a amayi, ntchembere zitatu kapena zinayi zokhulupirirana zingathe kuthandizana, sabata ino kwa uyu, sabata yamawa kwa winayo, wina kutunga madzi, wina kuponda dothi, wina kumata.

Tsono musadikire kuti mitambo iyambe kuda. Mawa masana tsekani chitseko cha kuchipinda, muyang'ane kudenga, muwerenge mabowo.