Agogo alibe HIV, nanga mawanga akudawa achokera kuti?

Kwathu ku Mwanza, wachikulire akatupa mwendo n'kutuluka mawanga akuda kuphazi, pamudzi pamamveka mayankho awiri: waponda mankhwala, kapena ndi "matenda aja". Akayezetsa n'kupezeka alibe HIV, yankho loyamba limapambana, ulendo wa kwa sing'anga n'kuyambika. Ine ndikuti mayankho onse awiriwa akutichedwetsera agogo athu kuchipatala.

Mawanga oterewa akhoza kukhala Kaposi sarcoma, khansa yomwe imayambira m'timitsempha ta magazi. Ambirife timaidziwa ngati khansa ya Edzi, koma dokotala Moritz Kaposi anailemba koyamba ku Vienna mu 1872 ataiona mwa abambo achikulire, kukadali zaka zoposa 100 kuti Edzi idziwike. Imayamba ndi kachilombo ka HHV-8, komwe kanapezeka mu 1994. Anthu ambiri kuno ali nako osadwala. Kamadzuka chitetezo cha m'thupi chikatsika, ndipo ukalamba nawo umatsitsa chitetezo. Kwa okalamba opanda HIV khansayi siionekaoneka, n'chifukwa chake ndi yosavuta kuiphonya.

Maso okha sangatsimikize. Pamafunika kubaya jakisoni wa dzanzi, kudula kanyama kochepa pa bangalo, n'kukakayeza kulabotale. Ntchito yodulayo ndi ya mphindi zochepa. Chovuta ndi mtunda: kuchoka pa boma la Mwanza kukafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 100. Gogo wodalira ndalama ya manachesi, mwendo uli chitupire, angayende kangati ulendo umenewu ndi womuperekeza?

Kutsimikizako n'kofunika chifukwa chithandizo chimasiyana. Amene ali ndi HIV amayamba ndi ma ARV, ndipo matenda akakula amawonjezera mankhwala a khansa. Amene alibe HIV, ma ARV samuthandiza. Iye amafunika mankhwala a khansa monga paclitaxel, kapena kuwotcha chotupacho ndi makina. Mwa okalamba khansayi kawirikawiri imakula pang'onopang'ono, ndiye mpata woigwira msanga ulipo.

Ena adzati chipatala cha boma laling'ono sichingakwanitse, pomwe malungo ndi uchembere zikulimbirana ndalama zomwezo. Koma tayang'anani ku Neno, komwe kanali mbali ya Mwanza mpaka 2003. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linathandiza kuti odwala Kaposi sarcoma azilandira paclitaxel pa chipatala cha boma lomwelo. Ngati zinatheka kumapiri kuja, kuli bwanji kuno kwa msewu wa tala? Kanyamako ndiko kaziyenda ulendo wa ku Blantyre, gogo azidikira zotsatira kwawo.

Ife ophunzira tili ndi gawo lathu. Mukapita kumudzi pa holide, onani mapazi ndi m'kamwa mwa agogo. Mukapeza banga lakuda lomwe silikutha, kapena chotupa chomwe chikukulirakulira ngakhale chisakupweteka, aperekezeni kuchipatala, ndipo mufunse mwaulemu: "Adokotala, kodi kanyama aka sikangayezedwe?"