ZA UMOYO: Nyamakazi ya Ana Isiya Cilema mu Mtima

Anthu ambiri ayesa kuti nyamakazi ndi nthenda ya nkhalamba zokha. Koma ilipo ina imene igwira makamaka ana a zaka 5 kufikira 15, ndipo ndiyo yoopsa koposa, pakuti ikacoka m'maondo isiya cilema mu mtima.

Ciyambi cake ndi zilonda za pakhosi zobwera ndi kacirombo kochedwa streptococcus. Mwana alephera kumeza, thupi litentha, ndipo patapita masiku ocepa acira yekha. Makolo aiwala. Pakapita milungu 2 kapena 3 bondo litupa. Mawa bondo lapola, ululu wasamukira ku kakolo, mkuja uli m'cigongono. Cimene cicitika n'cakuti thupi, polimbana ndi kacirombo kaja, lisokonezeka ndi kuyamba kuononga ziwalo zake zomwe. Mfundo za mafupa zipola bwinobwino, koma tizitseko ta mu mtima, timene tiletsa mwazi kubwerera m'mbuyo, titsala ndi zipsera. Nthenda ikabwera kaciwiri ndi kacitatu, tizitsekoto tiuma ndi kuleka kutseka bwino.

Zotulukapo zake zioneka patapita zaka. Mnyamata amene anali kuthamangitsa ng'ombe kudambo ayamba kucita befu pa kamtunda kakang'ono. Miyendo itupa, ndipo usiku sagona popanda kutsamira. Kwa msungwana ngozi yaikulu imdikira pa nthawi ya pakati, pamene mtima uyenera kugwira nchito yoposa masiku onse. Apa mpamene mabanja ena ayamba kulozana zala za ufiti, osakumbukira pakhosi paja.

Kutemera mphini pa bondo lotupa sikufika ku mtima. Cofunika ndi penicillin. Nyeleti imodzi, kapena mapiritsi a masiku 10 omwa mpaka kutha, ipha kacirombo nthenda isanapite patali. Mwana amene anadwalapo kale nyamakazi imeneyi ayenera kulasidwa nyeleti mwezi uliwonse kwa zaka zambiri, kawirikawiri mpaka atakwanitsa zaka 21 kapena kupitirira. Nyeleti yake ipweteka ndithu, ndipo ulendo wa ku cipatala m'nyengo ya dzinja suli wapafupi, koma kulumpha miyezi ndiko kutsegulira nthenda khomo. Tizitseko tikaonongeka kwambiri, cotsala ndi opaleshoni ya mtima ku Lusaka kapena kunja kwa dziko.

Ulipo mtundu winanso wa nyamakazi ya ana, umene susamukasamuka. Mfundo zikhala zotupa milungu 6 kapena kuposa, ndipo ziuma m'mawa mwana podzuka. Nawonso nthawi zina utupitsa kathumba kokuta mtima, mwana namva kulasa pa cifuwa kumene kucepa akakhala tsonga ndi kuweramira kutsogolo. Mankhwala ake ndi ena, cotero wosiyanitsa mitundu iwiriyi ndi dokotala. Kholo popereka mwana limuuze dokotalayo tsiku limene kutupa kunayamba, mfundo zimene zinatupa, ndiponso ngati pakhosi panayamba pawawa.