TIPHUNZIRE CINGEREZI: KADONTHO KAKHALE KUTI?

Abale a pa mgodi wa golide wa Shamva ndi a m'mapulazi ozungulira, sabata ino tikambe za mitengero, timizere tiwiritiwiri tija timene titsekera mau a munthu wina polemba. Ikagwa ngozi pansi pa mgodi, mboni iuzidwa kulemba zimene inamva, ndipo akuluakulu oweruza nkhaniyo ayesa kuti zonse ziri m'kati mwa mitengero ndiwo mau enieni a wonenayo. Cifukwa cace musaikemo liu limene iye sananene.

Tsono mpumiro, ndiko kadontho kotsiriza, ukhale kuti? Lamulo la ku England, limene atsata m'masukulu a ku Zimbabwe ndi ku Malawi, liri lotere. Mukatenga ciganizo cathunthu, kadontho kalowa m'kati: The foreman said, "The roof is safe." Apa kapitao wanena yekha kuti denga liri bwino. Koma mukatengako liu limodzi lokha, kadontho katsala kunja: The foreman called the roof "safe". A ku America aika kadontho m'kati nthawi zonse. Mukaona zotere m'mabuku ao musadabwe, koma m'kalata yanu musasakanize njira ziwirizi.

Cenjerani koposa ndi mfunsiro, cizindikiro ca funso. Pamenepa England ndi America agwirizana kuti mfunsiro utsata mwini funso. Mukalemba Did the foreman say, "The roof is safe"? funsolo ndi lanu, ndipo mau a kapitao ndi otsimikiza. Mukalemba The foreman said, "The roof is safe?" ndiye kuti kapitao anali kufunsa cabe, sanatsimikize kanthu. Kapitao wofunsa ndi kapitao wotsimikiza sasenza mlandu wofanana, ndipo mnzanu wovulala angathe kudikira nthawi yaitali pamene akuluakulu ali kutsutsana za mau.

Ngati simukumbukira bwino mau onse, lekani mitengero, mulembe The foreman said that the roof was safe. Potero mwanena zimene munamva osam'semera munthu mau. Musanasaine, werengani kawiri, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sabata ya mawa tidzakamba za mpatuliro. Tsalani bwino.