Yesani netiweki musanayang'ane mtengo wa bandulo

Mayi akayamba kutaya magazi atangobereka, kapena mwana akakomoka ndi malungo pakati pa usiku, chofunika ndi foni yoti idutse msanga. Bandulo yotchipa ilibe phindu ngati netiweki mumaipeza mutakwera pachulu.

N'chifukwa chake posankha pakati pa Airtel ndi TNM, funso loyamba likhale lakuti: ndi iti imene imagwira m'nyumba mwanga? Mapiri, zigwa komanso kutalikira nsanja ya netiweki zimachititsa kuti kampani yogwira bwino m'tauni ivute kumudzi kwanu. Bwerekani foni ya mnansi amene ali pa netiweki inayo, muimbe muli m'nyumba, masana ndi usiku. Yesani nambala ya kuchipatala chanu ndi 929 ya Chipatala cha pa Foni.

Onaninso chilembo chimene chili pamwamba pa foni. Pakalembedwa E kapena 2G, kuimba ndi kutumiza SMS kutheka, koma chithunzi cha pa WhatsApp chichedwa kwambiri. Mavolontiya otumiza malipoti ndi zithunzi afunika 3G kapena 4G.

Mukatsimikiza zimenezi, yerekezani mabandulo: ali ndi ma MB angati, atenga masiku angati, ndipo ndi a intaneti yonse kapena a WhatsApp yokha? Bandulo ya tsiku limodzi imatha ngakhale musanaigwiritse ntchito yonse.

Ngati foni yanu imalowa masimu khadi awiri, ikanimo onse, ndipo muzisunga mayunitsi oimbira pa ngozi, makamaka m'nyumba muli mayi woyembekezera.