Ulendo wa ulere pandege: akulipira ndi ndani?

Mavidiyo ake ali ponseponse pa TikTok, pa Instagram ndi pa YouTube. Mnyamata kapena mtsikana wagona tambalale pampando wa business class, chakumwa m'manja, chakudya chili pambale zadothi, kenako pakubwera mawu akuti tikiti ya madola zikwizikwi wailipira ndi mapointi basi. Amamaliza ndi kukuuza kuti nawenso ungathe, bola udine linki ili pansiyo.

Funso limene ambiri timadzifunsa tikamaonera ndi lakuti, kodi ndi zoona? Yankho lake ndi eya, zimachitikadi. Koma funso lofunika ndi lina: ngati amene wakhala pampandoyo sanalipire, walipira ndani? Ndege simauluka ndi madzi. Tikalondola ndalamayo tipeza kuti masewerawa adapangidwira anthu a ku America, ndipo ngakhale kumeneko amadyetsa ochepa pogwiritsa ntchito matumba a ambiri.

Chiyambi chake

Mu 1981 kampani ya ndege ya American Airlines idayambitsa ndondomeko yotchedwa AAdvantage. Nzeru yake inali yosavuta: ukamakwera ndege zathu tizikulembera mamailosi, akakwana tikupatsa ulendo waulere. Kampani ya United idatsatira posakhalitsa, ndipo zina zonse zidalowa m'bwalo. Inali basera chabe, monga amachitira mayi wogulitsa tomato kwa kasitomala wokhazikika.

Zinthu zidasintha mabanki atalowerera. Mu 1987 Citibank idatulutsa khadi la ngongole limene limapatsa munthu mamailosi a American Airlines akagula china chilichonse, kaya ndi buledi kaya mafuta a galimoto. Kuyambira pamenepo sikudafunikenso kukwera ndege kuti upeze mamailosi. Ndipo anthu ochenjera adayamba kufufuza mipata. Wotchuka kwambiri ndi David Phillips wa ku California, amene mu 1999 adagula timakapu ta chakudya chotsekemera topitirira 12,000 pa mtengo wa madola pafupifupi 3,000, chifukwa kampani yopanga chakudyacho inkapereka mamailosi kwa ogula. Adatuta mamailosi opitirira 1.2 miliyoni. Nkhani ngati imeneyi ndi imene idabala gulu la anthu amene lero akudzaza mafoni athu.

Mmene ndalama imayendera

Kampani ya ndege imapanga mamailosi yokha, popanda fakitale, ndiye n'kuwagulitsa ku banki ndi ndalama zenizeni. Banki imawagawa kwa makasitomala ake ngati nyambo kuti atenge khadi ndi kumaligwiritsa ntchito. Bizinesi imeneyi si yamasewera ayi. Mu 2023 kampani ya American Express idalipira Delta Air Lines madola pafupifupi 6.8 biliyoni, pamene phindu lonse la Delta chaka chimenecho linali madola 4.6 biliyoni. Werenganinso manambala amenewo. Ndalama zochokera ku khadi zidaposa phindu lonse la kampani.

Mliri wa Covid-19 ndi umene udaulula chinsinsi. Ndege zitaima mu 2020, makampaniwa adafuna ngongole, ndipo chikole chimene obwereketsa adachikonda chinali ndondomeko za mamailosi. United idabwereka madola 6.8 biliyoni itaika MileagePlus ngati chikole, ndipo idati ndondomekoyo ndi ya madola pafupifupi 22 biliyoni, kuposa mtengo wa kampani yonse pa msika wa masheya pa nthawiyo. Delta idabwereka 9 biliyoni, American Airlines idabwereka 10 biliyoni mu 2021. N'chifukwa chake ena amaseka kuti makampaniwa ndi mabanki amene ali ndi ndege pambali.

Nanga banki imabweza bwanji ndalama zake? Pali zitsime zitatu.

Choyamba ndi mwini sitolo. Munthu akagula katundu ndi khadi la ngongole ku America, wogulitsa amadulidwa pafupifupi madola 2 pa madola 100 alionse, ndipo makhadi a mapointi ambiri amadula koposa pamenepo. Wogulitsayo si wopusa, amangoika ndalamayo pa mtengo wa katundu. Ndiye aliyense amalipira, ngakhale wogula ndi ndalama ya m'manja amene sadzaona pointi n'imodzi yomwe.

Chachiwiri ndi chiwongoladzanja. Amene walephera kubweza ngongole yonse pakutha kwa mwezi amayamba kulipira chiwongoladzanja chimene m'zaka za 2023 ndi 2024 chinkapitirira 20 peresenti pachaka. Mu 2023 ngongole za makhadi za anthu a ku America zidadutsa madola 1 thililiyoni koyamba.

Chachitatu ndi ndalama ya pachaka yolipirira khadilo. Khadi la Chase Sapphire Reserve litatuluka mu 2016 linkalipiritsa madola 450 pachaka, ndipo linkapereka mapointi 100,000 kwa amene wagula zinthu za madola 4,000 m'miyezi itatu yoyamba. Anthu adalithamangira mpaka banki idasowa chitsulo chopangira makhadiwo. Pofika 2025 mtengo wa pachaka udakwera kufika madola 795. Chaka chomwecho khadi la Platinum la American Express lidafika madola 895.

Wopindula ndi wolira

Tiyeni tiwerengetse. Munthu watenga khadi, wagula zinthu za madola 4,000 kuti alandire bonasi, koma ndalama yobwezera alibe. Akakhala ndi ngongoleyo chaka chathunthu pa 20 peresenti, chiwongoladzanja chokha ndi madola pafupifupi 800. Onjezanipo ndalama ya pachaka. Tikiti ya ulere ija yasanduka yodula, ndipo mwina ulendowo sunachitike n'komwe. Akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Wopindula ndi amene ali ndi malipiro okhazikika, amabweza ngongole yonse mwezi uliwonse, ndipo ali ndi nthawi yofufuza mipando. Kafukufuku amene adatuluka mu 2023 kudzera ku banki yaikulu ya America, Federal Reserve, wolembedwa ndi Sumit Agarwal ndi anzake, adapeza kuti makhadi a mapointi amasamutsa madola pafupifupi 15 biliyoni chaka chilichonse kuchoka kwa anthu osadziwa bwino za ndalama kupita kwa odziwa, kuchoka m'madera osauka kupita m'madera olemera. Kunena mwachidule, mpando wogona wa mnyamata wa pa TikTok uja akuulipira ndi mayi amene akuvutika kutseka ngongole ya golosale.

Wopindula wina ndi amene akukuphunzitsaniyo. Ambiri mwa anthu ndi makampani olangiza za mapointi amalandira ndalama kuchokera ku banki munthu akatenga khadi kudzera pa linki yawo. The Points Guy, imene Brian Kelly adayambitsa mu 2010, idakula mwa njira imeneyi mpaka kugulidwa ndi kampani yaikulu. Sikuti onse amanama, koma dziwani kuti wokulangizaniyo ndi wamalonda. Vidiyoyo ndi malonda, ndipo kasitomala ndi inu.

Mapointi nawonso amagwa mphamvu

Apa ndi pamene Mmalawi angamvetse msanga kuposa wina aliyense. Mu November 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika cha pa K1,700. Amene adasunga ndalama zogulira katundu kunja adadzuka m'mawa ali ndi pepala lomwelo koma mphamvu yake itachepa.

Mamailosi amachita chimodzimodzi, kungoti kumeneko kulibe Reserve Bank kapena nyumba ya malamulo yoti ifunse mafunso. Kampani imene imapanga mamailosi ndi yomwenso imanena kuti tikiti ikufuna mamailosi angati, ndipo ikhoza kusintha tsiku lililonse. Mu 2015 Delta idachotsa ndandanda yosonyeza mitengo ya maulendo m'mamailosi, moti mtengo umangosinthasintha monga wa tikiti wamba. Mu September 2023 kampani yomweyo idalengeza malamulo okhwima kwa mamembala ake, anthu adakwiya, ndipo idabwezako pang'ono. Madandaulo atachuluka, mu September 2024 nduna ya zamtengatenga ya America pa nthawiyo, Pete Buttigieg, idalamula makampani anayi akuluakulu, American, Delta, Southwest ndi United, kuti afotokoze mmene amayendetsera ndondomekozi, kuphatikizapo nkhani yochepetsa mphamvu ya mapointi amene anthu adasunga kale.

Palinso zimene mavidiyo sanena. Mipando yogulidwa ndi mamailosi imakhala yochepa, makamaka nthawi ya tchuthi. Misonkho ndi ndalama zina zoonjezera umalipirabe ndi ndalama zenizeni, ndipo kumakampani ena monga British Airways zimatha kufika mapaundi mazanamazana pa tikiti ya business class. M'ndondomeko zambiri mamailosi amatha ntchito akakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito.

Chifukwa chake sizingakopedwe kuno

Wina angati, bwanji mabanki athu osachita zomwezo? Onani kaye ku Ulaya. Mu 2015 European Union idaika malire akuti gawo limene banki yotulutsa khadi la ngongole imalandira pa malonda lisapitirire 0.3 peresenti. Ndiye kuti pa 100 iliyonse banki imapeza masenti 30 okha, pamene ku America ndi pafupifupi 2 yathunthu. Chitsime chikachepa, nyambo imachepanso, n'chifukwa chake mabonasi a ku Ulaya sayandikira a ku America. Masewerawa amakoma ku America chifukwa kumeneko kulibe malire otere pa makhadi a ngongole. Aphungu ena monga Dick Durbin akhala akuyesa kusintha zinthu, ndipo mabanki ndi makampani a ndege akhala akulimbana nawo mwamphamvu.

Kuno kwathu ndalama zambiri za tsiku ndi tsiku zimayenda m'manja, pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Khadi limene ambiri tili nalo m'chikwama ndi lotapira ndalama zathu zomwe, si la ngongole. Ngongole nayonso ndi yodula: mu 2024 Reserve Bank of Malawi idakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti, ndipo mabanki amaonjezera pamenepo akamabwereketsa. Onjezani vuto la ndalama zakunja, limene limachititsa kuti ngakhale kulipira kanthu kakang'ono pa intaneti kukhale nkhondo. Makhadi a ku America amene amatamidwa m'mavidiyo aja nthawi zambiri amafuna kuti ukhale ndi adiresi ya kumeneko, nambala ya Social Security ndi mbiri ya mmene wakhala ukubwezera ngongole m'dzikomo. Munthu wa ku Ndirande kapena ku Area 25 sangadine linki n'kulandira.

Pamenepa ndi pamene akathyali amalowera. Mukaona wina pa WhatsApp kapena pa Facebook akuti ali ndi mamailosi ndipo akhoza kukugulirani tikiti pa theka la mtengo, imani kaye. Malamulo a makampani ambiri a ndege amaletsa kugulitsa mamailosi kwa munthu wina, ndipo akatulukira amatha kuifafaniza tikitiyo, mwina inu muli kale pabwalo la ndege ndi zikwama. Choipa kwambiri n'chakuti matikiti ena otchipa otere amagulidwa ndi mamailosi kapena makhadi obedwa. Chakomachakoma pusi adagwa chagada.

Chimene chingatheke

Sikuti nkhani yonse ndi yotaya. Gawo lakale lija la basera lilipobe, ndipo ndi laulere. Ngati mumayenda pandege, kaya ndi kusukulu, kukapikula katundu kapena ulendo wa kuntchito umene walipira ndi bwana, lembetsani ku ndondomeko ya kampaniyo ndipo perekani nambala yanu pogula tikiti. Ethiopian Airlines, imene ili ndi magawo 49 pa 100 mu Malawi Airlines, ili ndi ShebaMiles. Kenya Airways ili ndi Asante Rewards, South African Airways ili ndi Voyager. Ethiopian ndi South African Airways onse ali m'gulu la Star Alliance, ndiye maulendo a makampani a m'gululi akhoza kulembedwa pa nambala imodzi m'malo mowamwaza. Zindikirani kuti matikiti otchipa kwambiri amapereka mamailosi ochepa, ena sapereka n'komwe.

Abale athu amene ali ku South Africa amakumana ndi eBucks ya FNB kapena Discovery Miles, a ku UK amakumana ndi Avios. Kwa iwo lamulo ndi limodzi: khadi ligule zokhazo zimene mukadagula ngakhale pakadapanda mapointi, ndipo ngongole ithe mwezi womwewo. Mukangoyamba kulipira chiwongoladzanja, mwachoka pa mzere wa odya, mwalowa pa mzere wa odyetsa.

Ndipo mamailosi akakwana, agwiritseni ntchito. Si ndalama yosungira ukalamba, chifukwa mwini wake akhoza kusintha mtengo usiku. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Vidiyo ya masekondi 30 imaonetsa mpando ndi chakumwa, koma siionetsa mwini sitolo amene wadulidwa, wogula amene wakwezeredwa mtengo, kapena munthu amene akulipira 20 peresenti pa ngongole ya chaka chatha. Tsiku limene mabanki athu adzayambe kutsatsa makhadi a mapointi mwamphamvu, funso loyamba lisadzakhale lakuti ndipeza mapointi angati. Lidzakhale lakuti chiwongoladzanja ndi chingati, ndalama ya pachaka ndi zingati, ndipo wogulitsa mumudula zingati.