Chuma cha Ntcheu chiyambira m'munda

Aliyense wodutsa pa Lizulu mumsewu wa M1 amaona milu ya kachewere, kabichi ndi tomato, amayi akuthamangira mabasi mabeseni ali pamutu. Mphamvu ya chuma cha boma la Ntcheu yagona pamenepa. Mlimi wa ku Tsangano akakolola matumba ochuluka pa ekala yomwe ija, ndalama yapamwamba amagulira malata, kulipira fizi ndi kulemba aganyu, ndipo telala, kalipentala ndi wakabaza onse amadyerapo. Dziko la Vietnam linayambira pomwepa: litamasula alimi ake kuyambira 1986, pofika 1989 linali likugulitsa mpunga kunja, mafakitale n'kumabwera pambuyo.

Ena amati khasu silingalemeretse dziko, tithamangire migodi ndi mafakitale. Koma fakitaleyo idzagulitsa kwa yani ngati anthu akumudzi, omwe ndiwo ambiri, m'thumba muli mbee? Enanso amati boma likuthandiza kale, kuyambira sabuside ya feteleza ya 2005 mpaka ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP ya 2020. N'zoona, koma feteleza yekha sakwanira. Mbewu ya kachewere yongobwerezabwereza imafooka ndi matenda, alangizi ndi ochepa, ndipo zikacha bwino tomato amaolera pamsika, mavenda n'kumagula pamtengo wolira mlimi atakhetsa thukuta chaka chonse. Zimenezi zimapweteka. Masomphenya a Malawi 2063 anaika ulimi patsogolo, choncho aphungu a ku Ntcheu aumirire mbewu yabwino, ulimi wamthirira, mosungira zokolola ndi misewu yodutsika ngakhale m'dzinja.