Wogulitsa akalakwitsa chipangizo, alipirenso injini

Sefa ya oyilo ndi kachipangizo kotchipa, koma ikakhala yolakwika imapha injini. Mwini chapa akhoza kuuza wogulitsa mtundu wa galimoto yake, chaka chake ndi nambala ya injini. Wogulitsa n'kumupatsa sefa ya galimoto ina, n'kunena kuti "ndi yomweyi". Sefayo sigwira bwino, oyilo amatayika panjira, zitsulo zimakhulana, injini n'kufa.

Zikatere, ogulitsa ambiri amangobweza ndalama ya sefa. Ine ndikuti zimenezi n'zosakwanira. Amene walakwitsa alipire zonse zimene zawonongeka.

Lamulo lili kumbali ya wogula. Ndime 92 ya Malamulo Aakulu a dziko la Mozambique imati wogula ali ndi ufulu wolandira katundu wabwino, wouzidwa zoona, ndi wolipidwa akawonongeredwa zinthu. Lamulo nambala 22/2009, loteteza ogula, limatsindika ufulu womwewu. Chikwangwani cha pakhoma chonena kuti "katundu wogulidwa sabwezedwa" sichiposa lamulo la dziko.

Chifukwa china ndi ichi: wogulitsa ndiye amadziwa katundu wake. Ali ndi buku kapena kompyuta yosonyeza chipangizo cha galimoto iliyonse. Wogula amadalira mawu ake. Amene amadya phindu chifukwa chokhulupiriridwa asenzenso mlandu akasocheretsa munthu. Kumbukirani kuti chapa ikaima, dalaivala ndi kondakitala amasowa chakudya cha ana.

Ogulitsa amayankha kuti: "Nanga makaniko sanaone bwanji?" Funsoli n'lomveka. Makaniko amene wakakamiza chipangizo choonekeratu kuti sichikulowa ali ndi gawo lake pamlanduwo. Nayenso wogula amene watchula galimoto yolakwika, kapena wangoloza yekha chipangizo, asadandaule za sitolo. Koma ngati wogula ananena zoona, ndipo wosankha anali wogulitsa, mlandu waukulu ndi wa wogulitsayo.

Vuto limakhala umboni. Mawu apakamwa amakanidwa, pepala silikanidwa. Choncho pokagula, tengani livrete ya galimoto ndi chipangizo chakale. Pemphani lisiti, imene pa Chipwitikizi amati recibo, ndipo wogulitsa alembepo dzina la chipangizo ndi mtundu wa galimoto. Ngati kuwerenga kukadakuvutani, pemphani mnzanu akuwerengereni musanatuluke.

Injini ikawonongeka, musataye chipangizocho kapena bokosi lake. Jambulani zithunzi ndi foni. Makaniko wina alembe chimene chapha injini. Kenako kambiranani ndi mwini sitolo mwaulemu, pali mboni. Akakana, kadandauleni ku bungwe la boma loyendera malonda. Ngati nkhani ikupita kukhoti ndipo mulibe ndalama ya loya, IPAJ imathandiza anthu osauka pamilandu.

Ogulitsa nawonso aphunzirepo. Kufunsa nambala ya injini kumatenga mphindi imodzi. Kunena kuti "chimenecho ndilibe" n'kotchipa kuposa kugulira munthu injini ina.